Mmene Makina a ku Joni Anaukitsira Agogo Anu

Iwe Amidu, ndinakumva dzana ukuuza alongo ako kuti masiku ano munthu amangolavulira m'kabotolo, n'kutumiza kunja, ndipo kumeneko amamuuza makolo ake onse mpaka kukafika kwa Adamu. Unkalankhula monyada ngati watulukira ndiwe. Sendera kuno, ndi enanu omwe, muyambe mwaika pansi timafoni tanuto. Chinthu mukuchitcha DNA-cho chinalowa m'nyumba muno ambiri a inu musanabadwe. Chinaukitsa agogo anu aamuna kwa akufa, kenako n'kuwabwezanso komweko. Zidutswa za nkhaniyi mumazidziwa kale, poti m'Chawama nkhani sichedwa kuwoloka ngalande, koma munazimva kwa anthu amene panalibe. Lero muimve kwa mwini wake.

Ine ndinabadwira ku Machinga, ku Malawi, kumene inu mumati ndi kumudzi ngakhale simunapondeko. Ndinakwatiwa ndili kamtsikana, mwamunayo n'kupita kumigodi ku Joni ine ndili ndi pakati. Sanabwerere. Amene anabwera ndi mnzake, atanyamula jekete lake ndi uthenga woti mgodi unamugwera. Mwana atabadwa ndinamutcha Yusufu. Inde, bambo ako iwe Amidu, amene lero ali ndi dazi ndi chimimba. Nawonso anakhalapo kakhanda kokodzera anthu pamiyendo.

Tsiku lina ndinapita naye pa sitolo ya mmwenye ku Balaka kukasoketsa kamalaya. Pakhonde panali telala wowonda, wosalankhulalankhula, dzina lake Che Amidu. Anamuyeza mwanayo ndi chingwe, mwana n'kugwira chingwecho osafuna kuchisiya. Kamalayako kanatenga mwezi wathunthu. Ndikapita, akuti mabatani sanapezeke. Ndikapitanso, akuti mwana wakula, tiyezenso. Ine ndinali wopusa, koma osati kufika pamenepo. Tinamanga ukwati pamaso pa shehe, ndipo chaka chisanathe anati tipite ku Lusaka, kuli ntchito ya matelala.

Inu mukakwera basi ya mipando yofewa ndi kanema mumafika mukudandaula msana. Ife tinakwera chibasi cha mipando ya matabwa, nkhuku pansi, njinga pamwamba, fumbi lolowa mpaka m'mano. Kamba wathu anali chinangwa chophika ndi tinsomba towamba. Agogo anu anafukata mutu wa makina osokera, wokulungidwa m'bulangete, ine ndinafukata Yusufu. Basi itaima ku Luangwa kuti anthu awongole miyendo, anandipatsa makinawo, iwo n'kutenga mwana. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Abiti Saidi, kumene tikupitaku kulibe amene akutidziwa. Mwanayu ndi wanga. Tsiku limene adzamve zina kuchokera pakamwa panu, ine ndi inu tasiyana." Sanabwerezenso mawu amenewo moyo wawo wonse, ndipo panalibe chifukwa choti abwereze.

Chawama ya nthawi imeneyo siinali iyi ya mashopu ndi matchalitchi pa ngodya iliyonse. Nyumba zinali za zidina, malata opanikizidwa ndi miyala, madzi a pachitsime, kuwala kwa koloboyi. Dzinja likafika tinkayenda nsapato zili m'manja mpaka kumsewu wa Kafue. Kusita tinkasita ndi simbi ya makala, ija mumaiona pansi pa bedi langa n'kumafunsa ngati ndi chophikira. Agogo anu anapeza ntchito pa fakitale ya zovala ya boma, kusoka mayunifolomu, ndipo madzulo ankasokanso pakhonde ndi makina awo opondaponda aja. Kenako kunabadwa Mariamu, mayi wa inu a ku Kabanana. Ana anga ndi awiri okhawo, Yusufu ndi Mariamu. Mulungu sanawonjezere, ine sindinamutsutse.

Zaka zimenezo tinali ndi ndalama koma chogula kunalibe. Munthu unkaima pamzere usanadziwe kuti akugulitsa chiyani, ukafika kutsogolo n'kupeza kuti ndi sopo pamene iwe umafuna mafuta ophikira. Boma litasintha, zinthu zinatembenuka bwinobwino: mashopu anadzaza mpaka kudenga, ndalama n'kuthawa. Fakitale inagulitsidwa, wogulayo anaika loko pageti n'kupita. Ufa tinayamba kugula wa m'timapepala tating'ono, wongokwana mphika umodzi. Ndiye kunabwera salaula. Ndani angasoketse malaya kwa telala pamene pamsika pali mulu wa malaya a azungu, ena mwina a anthu akufa, koma otchipa? Agogo anu anakhala pakhonde miyezi ingapo akungochepetsa mathalauza a anthu onenepa a kunja kuti akwane anthu owonda a m'Chawama. Atatopa nazo anayamba geni yopita ku Harare pa basi, kukatenga mabulangete ndi mapoto. Yusufu nthawi imeneyo anali atakwatira, akukhala kuseri kwa msika, akugulitsa zitsulo za galimoto.

Chaka chimenecho, nyengo yozizira, basi imene agogo anu ankabwerera inagubuduka m'mapiri a kuno kwa Chirundu n'kuyaka. Mayi wina wa geni yomweyo, amene anapulumuka ataponyedwa pawindo, anatiuza kuti anawaona atakhala kumbuyo, pafupi ndi katundu wawo. Ambiri mwa akufa anazindikirika. Atatu anapserera kotero kuti ngakhale amene anawabala sakanawadziwa. Anawaika mu mochale ya chipatala chachikulu.

Inu mukudziwa kuti ife Asilamu sitisunga maliro. Munthu akamwalira m'mawa, dzuwa lisanalowe wagona. Ndiye taganizani anthu otere akuuzidwa kuti adikire. Apolisi anati sangapereke thupi mongoloza chala, poti mabanja atatu onse ankaloza. Anati kuli njira yatsopano: madokotala atenga kafupa ka womwalira aliyense, atenganso za m'thupi mwa wachibale weniweni, azitumiza ku Joni, makina a kumeneko ndiwo anene kuti uyu ndi wa ndani. Kale kwathu munthu ankazindikirika ndi mphini, kapena chipsera cha khasu, kapena chala chopindika. Tsopano tinafika pomafunsa makina a dziko lina kuti mwamuna wanga ndi uti.

Shehe anati ndiyambe eda, nthawi ija mkazi wamasiye amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku ake, osadzola, osayendayenda, osacheza ndi amuna. Ndinalowa m'chipinda. Amuna anakhala pakhonde kukonza zinthu, monga amachitira, ndipo palibe amene anaganiza zofunsa mkazi amene anakhala ndi womwalirayo zaka zoposa makumi atatu.

Wotsogolera zokambiranazo anali Che Bwanali. Ameneyu simungamukumbukire, anamwalira muli aang'ono. Anali m'bale wa m'tauni, wa mtundu uja mumakumana naye pamzikiti, n'kupeza kuti agogo ake ankatunga madzi pa mtsinje umodzi ndi agogo anu, basi ubale wayamba. Ankadzitcha mchimwene wa Che Amidu, makamaka nthawi ya chakudya. Sabata yoyamba ya maliro anali atanyamula kale makina osokera ndi njinga, akuti kukasunga kuti akuba asabe. Koma atamva kuti wachibale akapereke magazi, ubale unayamba kuchepa. Anati iye wamva kuti magazi oterowo amagulitsidwa kwa a satana. Anati anamapopa a masiku ano amavala makhoti oyera. Chimene sananene, koma aliyense anachimva, n'chakuti zaka zimenezo munthu wamwamuna ankaopa singano ya kuchipatala kuposa mkango, poopa kuti amupeza ndi matenda aja ankatha anthu. Ndiye anagamula kuti mwana woyamba, wamwamuna, ndiye woyenera ulemu umenewu.

Za Mariamu palibe anatchula. Choyamba anali mkazi. Chachiwiri anali atakwatiwa ndi mnyamata wa tchalitchi cha Pentekosite ku Kabanana n'kulowa komweko, ndipo akuluakulu a pamzikiti ankamutchula motsitsa mawu ngati akutchula ngongole.

Ine ndinamva zonsezi zitachitika kale. Yusufu analowa m'chipinda masana akuseka pang'ono, koyamba chichitikireni ngozi. Anati, "Bamayi, ba Bwanali bathawa vinthu vilibe na nyeleti. Banangonipukuta mukamwa na kathonje, kwasila." Ndinafunsa kuti ngati singano palibe, kathonjeko katani. Anati dokotala wafotokoza kuti mwana aliyense amatenga theka kwa bambo ake, theka kwa mayi ake, ndipo makina amaona theka limenelo ngakhale m'fupa lopsa.

Musandiseke ndi zimene ndinadzitonthoza nazo. Ndinati mumtima, anthu awiriwa adyera mbale imodzi zaka zonsezi. Mwanayu wamwera kapu ya bambo ake, wavala malaya awo, wapuma mpweya wa chipinda chimodzi. Mwina magazi amatengerana, monga anthu okhala limodzi amatengerana kayendedwe. Sukulu yanga inathera pa kuwerenga alifu ndi bee ku madrasa, ndiye ndinali ndi ufulu wokhulupirira zimenezo. Ndinazikhulupirira nyengo yozizira yonse, mphepo ya fumbi n'kudutsa, mpaka kutentha kunayamba.

Yankho linabwera mango atayamba kuoneka pamsika, eda yanga itangotha kumene. Ndinali pakhomo ndikupeta mpunga pamene ndinaona Yusufu akuthamanga ngati kamnyamata, munthu wa ana awiri. Anafuula ali patali, "Bamayi! Ba tate baliko! Pali baja batatu, palibe ba tate banga!" Anandinyamula m'mwamba, mpunga n'kutayika. Ndipo tamverani ana inu, makinawo sananame. Pa anthu atatu aja panalibedi bambo womubala Yusufu.

Chawama yonse inasangalala nafe. Anthu amene anabwera kudzalira anabweranso kudzaseka, ndipo maulendo onse awiri anamwa tiyi wanga. Che Bwanali anabweza makina osokera pa wilibala, atawapukuta ndi mafuta, akuti ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti mchimwene wake sangafe chonchi. Njinga inabwera mawa lake, ili ndi tayala latsopano. Ku Kabanana abusa a Mariamu anali atalosera kale kuti bambo ake ali moyo, ndiye Lamulungu limenelo mwana wanga anaimirira kutsogolo kuchitira umboni, ng'oma zikulira. Aka kanali koyamba kuti abusa, makina ndi Che Bwanali agwirizane pa chinthu chimodzi, ndipo onse anali olakwa.

Koma munthu wamoyo amafunika kukhala kwinakwake. Ngati Che Amidu sanafe, ali kuti? Ena anati anatsikira pa Chirundu, mutu unasokonekera. Ena anati ali m'ndende ku Zimbabwe chifukwa cha mapepala a katundu. Amayi a pampopi anapeza yankho lokoma kuposa onsewa: ali ndi mkazi ku Harare, waona ngoziyi ngati mwayi. Pofika kumapeto kwa mwezi mkaziyo anali ndi dzina, ndi ana, ndi saluni. Ndinkapita kukatunga madzi, anthu n'kusiya kulankhula, n'kumandiyang'ana mwachifundo. Zimenezo zinandipweteka kuposa imfa. Munthu amene moyo wake wonse ankachokera kumzikiti kupita pamakina, kuchoka pamakina kupita kumzikiti, anasanduka wachimasomaso ali chigonere mu firiji.

Matupi awiri aja anapeza eni ake, anapita kukaikidwa. Linatsala limodzi. Ine ndinkadziwa kuti ndi la ndani monga ndimadziwira dzanja langa. Kenako wapolisi anauza Yusufu kuti mochale yadzaza, ndipo thupi lopanda mwini limenelo aliika akhonsolo pamodzi ndi ena osadziwika mwezi usanathe. Mukudziwa mmene amaikira anthu otere? Amabwera akaidi, akumba dzenje limodzi lalikulu. Palibe kusambitsa, palibe sanda, palibe swala, palibe woona kuti nkhope yayang'ana ku Maka. Agogo anu, amene anadula sanda za theka la Asilamu a m'Chawama osalandira kanthu, ankapita m'dzenje atakulungidwa m'pulasitiki.

Yusufu anandifotokozera zimenezi ali ndi chisoni chenicheni pa munthu wopanda wachibale. Anati, "Nimvela chifundo, Bamayi. Munthu uja alibe olo m'bululu umozi. Ba tate bakabwela tizamuchitila sadaka." Ndinadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba ngati ndikukayang'ana zovala pachingwe.

Ndinayesa njira yachidule. Ndinamuuza kuti makina nawonso amatopa, bwanji Mariamu akapukutidwenso mkamwa, tingotsimikiza. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Anati, "Imwe Bamayi, mufuna chabe kuti bafe? Bantu bonse bakondwela, imwe mweka ndimwe mufuna malilo." Ndinayesa kutuma Mariamu mwakachetechete, koma iye anati kubwerera kuchipatala ndi kukayikira zimene Mulungu wachita kale, ndipo kupolisi ankadziwa Yusufu yekha monga mwini nkhani. Khoswe anali atakhala pamkhate. Ndikatseka pakamwa, mwamuna wanga atayidwa ngati galu. Ndikatsegula, ndimulanda mwana wanga bambo kachiwiri, ndipo ulendo uno ndi dzanja langa.

Masiku amenewo ndinkalankhula ndi agogo anu mumtima kuposa mmene tinkalankhulira ali moyo. Ndinkawakumbutsa za ku Luangwa. Ndinkati, Che Amidu, munati ndikadzanena tasiyana. Koma kusiyana tasiyana kale, yatisiyanitsa ndi basi, ndipo simunandifunse. Ngati mukufuna kundikwiyira, mundikwiyire mutagona pabwino. Iwo monga mwa nthawi zonse sanayankhe.

M'mawa wina Yusufu anabwera ndi chikwama. Anali atagulitsa katundu wa pa shopu yake kuti apeze ya ulendo. Ankapita ku Harare, kukayenda m'zipatala ndi m'ndende ndi chithunzi cha bambo ake. Anandipempha juzi yawo yabuluu, akuti mwina akawapeza alibe chofunda. Ndinalowa m'chipinda, ndinaitenga juziyo, ndinatuluka nayo, koma manja anakana kuipereka.

Ndinati, "Yusufu, khala pansi."

"Basi izanisiya, Bamayi."

"Ikusiye. Munthu watsala mu mochale uja ndi bambo ako."

Anapumira m'mwamba ngati munthu wotopa ndi nkhalamba. "Bamayi, takamba kale. Makina yanakamba kuti..."

"Makina anena zoona. Iwe sunabadwe kwa Che Amidu. Anakupeza uli kumsana kwanga, usanamere mano. Wokubala anafera kumigodi iwe usanabadwe. Bambo ako anandiletsa kukuuza, ndipo ndasunga mawu awo mpaka lero. Koma sindingasunge mawu n'kutaya munthu."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, kapena kulira, kapena kundifunsa mafunso. Sanachite chilichonse mwa zimenezo. Anayang'ana makina osokera pakhonde nthawi yaitali. Kenako anadzuka, anatenga chikwama chake, anatuluka pageti osatseka. Ine ndinakhala pomwepo ndi juzi pamiyendo. Ndinati basi, mwamuna ndataya, mwana ndataya, ndatsala ndi Che Bwanali.

Dzuwa litapendeka ndinamva minibasi ikuima pamsewu. Anali Yusufu, akutsogoza Mariamu amene maso ake anali ofiira. Sanapite ku Harare. Anapita ku Kabanana, anamuuza mlongo wake yekha, anamutengera kupolisi ndi kuchipatala, anapempha kuti thupi lija alisunge kaye. Mariamu anandiuza pambuyo pake kuti asanatsegule pakamwa anayamba wapempherera kathonjeko m'malilime, namwino akudikira. Ndiye onani mmene Mulungu amasekera: kuti Msilamu wa swala zisanu aikidwe mwa Chisilamu, panafunika malovu a mwana amene akuluakulu a pamzikiti ankamutcha wotayika.

Kudikira kwachiwiri kunali kowawa kuposa koyamba. Mvula inayamba, Chawama inasanduka dambo monga mwa chaka ndi chaka. Yusufu sanasiye kundisamala. Ankabwera ndi ufa, makala, nthawi zina kapenta, n'kuziika pakhomo. Ankapereka moni ali chiimire, "Mwauka bwanji, Bamayi," n'kubwerera. M'nyumba sankalowa, tiyi wanga sankamwa. Ndinkamuona akudumpha zithaphwi, mapewa atagwa, ndipo ndinkalira. Sindikuchita manyazi kukuuzani. Ndinalira masiku amenewo kuposa mmene ndinalirira pa eda.

Nkhani nayo siinadikire makina. Anthu a m'Chawama sadziwa masamu a kusukulu, koma awa anawatha msanga: ngati mwana wamwamuna wakanidwa ndipo atumiza wamkazi, ndiye kuti chiyani? Amayi a pampopi anamusudzula mkazi wa ku Harare uja tsiku limodzi, saluni yake n'kutsekedwa, ndipo wachimasomaso tsopano ndinakhala ine. Ndinawasiya. Pa msinkhu umene ndinali nawo, kunamiziridwa chibwenzi kunali ngati kuyamikiridwa.

Yankho linabwera chimanga cha m'mbali mwa njanji chitayamba ngayaye. Linati munthu wa mu mochale ndi bambo wa Mariamu. Agogo anu anamwaliranso kachiwiri, ndipo Che Bwanali anayamba kuyang'ananso njinga.

Tinawaika tsiku lomwelo, monga zikanayenera kukhalira miyezi yonse ija. Thupi silinali loti n'kusambitsidwa monga mwa masiku onse, ndiye shehe anachita mmene chipembedzo chimalolera pa munthu wopsa. Sanda anadula Yusufu, ndi sizasi ya bambo ake. Jeneza yonyamulira maliro itatuluka pageti ine ndinatsala, poti akazi sitipita kumanda. Zimene zinachitika kumeneko ndinamva kwa mwamuna wa Mariamu, Mpentekosite uja, amene anaima kumbuyo atavala kofia yobwereka.

Pa maliro athu, wachibale wapafupi ndiye amatsikira m'manda kukalandira thupi ndi kuligoneka m'kamphako ka m'mbali, nkhope kuloza ku Maka. Yusufu atayamba kuvula nsapato, Che Bwanali anatsokomola n'kunena mokweza kuti pamenepa pamafunika wamagazi, ndipo poti zinthu zadziwika mmene zadziwikiramu, iye monga mchimwene ndiye atsike. Yusufu anamaliza kuvula nsapato, anaziika pambali bwinobwino, n'kunena mwaulemu wonse, "Ba Bwanali, magazi yanu tinayafuna ku chipatala, munathawa. Kuno sibafuna magazi." Anatsika. Shehe anayang'ana kumwamba ngati akuona ngati mvula ibwera, ndipo anauza anthu kuti apereke thupi.

Atabwerako, anthu anadya, anapemphera, anabalalika. Ine ndinali m'chipinda, pamkeka. Ndinamva munthu akuvula nsapato pakhomo. Yusufu analowa, koyamba chichokereni tsiku la chikwama lija, thalauza lili ndi dothi lofiira mpaka m'mawondo. Anakhala pansi pafupi nane, osati pampando.

Anati, "Bamayi, ba tate benze kuziba kuchokela pa first?"

Ndinati, "Anakuona iwe asanandione ine."

Kenako anati, "Manje vija benze kukamba ku mzikiti, kugwila kwanja yanga na kuonesa bantu ati onani, vikumo va mwana uyu ni vanga vene-vene?"

"Ankanama, mwanangu, zala zakozo si zawo. Munthu uja sankatha kunama ngakhale pa mtengo wa bulangete, n'chifukwa chake geni siinkamuyendera. Bodza lake linali limodzi lokha, ndipo ndiwe."

Anaseka, kuseka kuja kumatuluka m'mphuno munthu asakufuna. Kenako kusekako kunatembenuka, anaika mutu pamiyendo panga, bambo wa ana awiri, n'kulira mmene sanalirire chichitikireni ngozi. Ndinamusiya alire. Atatha ndinaona kuti ngongole yatsala imodzi, ndipo ndi bwino ndiimalize tsiku lomwelo. Ndinati, "Winayo, wokubala, anali ndi dzina, ndi mudzi, ndi abale. Ndikuuze?"

Anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya, anayang'ana dothi la pa mawondo ake.

"Iyayi, Bamayi. Naika kale tate umozi lelo. Musana wanga siungakwanise babili."

Anapempha tiyi. Mpaka lero sanafunse.